Jakisoni wa Mbumba

Kwa Msakambewa, kuseri kwa mapiri kumene msewu wa galimoto umatha n'kusanduka kanjira ka njinga, kuli mayi wina dzina lawo a Faines, koma a msinkhu wawo amawaitana ndi chiwongo kuti aNangondo. Si munthu amene mungamuzindikire pagulu. Ku Chigwirizano, komwe amayi a mpingo amakumana, iwo amakhala kumbuyo chakukhoma, ndipo nyimbo amaimbira kukhosi. Anabadwira m'mudzi momwemo, sukulu anailekeza panjira mayi awo atadwala, ndipo moyo wawo wonse wathera pa chimanga, mtedza ndi fodya.

Anthu amawadziwa ndi zinthu ziwiri. M'manja mwawo chinthu sichifa msanga. Thumba la feteleza likatha amalisoka n'kukhala choyanikapo mtedza, ndowa ikabooka amaimata ndi pulasitiki wosungunula, ndipo singano yosokera fodya imene ali nayo ndi yomwe ankasokera mayi awo. Komanso m'mudzi mukagwa maliro, iwo ndiwo amayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ufa. Ntchitoyi inangowagwera yokha, chifukwa sataya ufa panjira, ndipo sakanena kwa wina kuti uje wapereka wochepa.

Amuna awo, a Yoswa, anachokera ku Ntchisi kudzakhala chikamwini. Iwowa ndiye pakamwa sipauma. Anthu amaseka kuti mawu a banja limenelo anagawidwa mokondera, onse anapita kwa mwamuna.

A Faines ali ndi msuweni wawo, mwana wa malume awo, dzina lake Aroni. Iyeyu anagwirapo ntchito pachipatala china chakutali, kukankha odwala pa machira ndi kukolopa m'mawodi. Maso anali nawo, ndipo ankaona mmene anamwino amabayira. Atapuma ntchito anabwera kumudzi ndi chikwama chakuda, ndipo posakhalitsa anthu anayamba kumutchula kuti adokotala. Chipatala chinali kutali, chitunda chokhachokha, pamene Aroni anali pakhomo pomwepo. Ndiponso anthu a kumeneko ankati mapiritsi amangozungulira m'mimba, koma jakisoni ndiye amafika pamene nthenda yakhala.

Itafika nthawi imene wailesi inayamba kuchenjeza kuti kubwerekana singano kumafalitsa matenda, anthu anachita mantha. Aroni anaganiza, n'kubwera ndi lamulo limene mudzi wonse unaliyamikira. Anati mbumba iliyonse, ndiye kuti onse obadwa kuchokera kwa mayi mmodzi, igule jakisoni wakewake n'kumasunga pakhomo. Iye azingobwera ndi mankhwala. Magazi amodzi sadana, iye anatero, choopsa ndi magazi achilendo. Pa jakisoni aliyense ankamangapo kaulusi ka mtundu wake kuti asasokonezeke.

Wa mbumba ya a Faines anali wa ulusi wofiira, ndipo wosunga sakanakhala wina ayi, koma iwo. Akatha kubayira munthu, jakisoniyo ankamutsuka ndi madzi otentha, kumupukuta ndi kansalu koyera, n'kumuika m'botolo la mafuta odzola lotsukidwa bwino. Botololo linkakhala m'sutukesi, pansi pa bulauzi yoyera ya ku Chigwirizano. Singano ikabuntha ndiye ankagula ina, koma m'manja mwa a Faines inkachedwa kubuntha.

Tsiku lina a Yoswa anadzuka ndi litsipa ndi kuphwanya m'thupi, n'kuitanitsa Aroni.

"Tulutsani botolo lija, mayi a Abigail, adokotala afika."

Aroni anaseka mpaka kukhala pansi. "Botolo liti? Inu achimwene, jakisoni wanu ali ku Ntchisi. Pano munabwera ndi kachikwama kokha."

"Ana onsewa ndinabereka ndine, lero singano indikane?"

"Anapiye ndi a thadzi. Inu ndinu tambala chabe. Imwani mapiritsi awa, mukalire m'mawa."

A Yoswa anameza mapiritsiwo akung'ung'udza, ndipo nkhaniyo ankaifotokoza okha pa bawo kwa zaka zambiri. A Faines anangomwetulira. Mumtima ankanyadira kuti pakhomo pawo pali dongosolo.

Mwana wawo woyamba, Abigail, anaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi ku Madisi, ndipo anakwatiwa ndi Howard, mnyamata wa mu ofesi, waulemu koma wosapindika akanena chinthu. A Faines ndi mkamwini wawoyo ankapatsana ulemu wa chipongozi monga mwa kale. Sankayang'anana kumaso, sankadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira mmodzi ankapatukira kutchire. Mawu awo ankadutsa mwa Abigail.

Abigail ndi Howard anali ndi mwana wamkazi, Tadala, amene anali atangoyamba kumene sukulu. Sukulu ikatsekera, Tadala ankabwera kwa agogo ake. Munthu wosalankhula uja, akakhala ndi kamwanako, ankamveka akuseka mpaka kuchigafa cha oyandikana nawo. Ankasoka fodya limodzi, agogo ndi singano, mdzukulu akuwapatsira masamba n'kumawafunsa mafunso osatha.

Tchuthi china, nthawi yothyola fodya, Tadala anatentha thupi. Abigail anali atanena kuti mwana akadwala amuimbire foni. Koma foni kumeneko imagwira pachulu cha kumunda kokha, ndipo a Faines anaona kuti si bwino kudzidzimutsa anthu ogwira ntchito chifukwa cha malungo wamba. Mwanayo anali wa mwana wawo wamkazi, mbumba yeniyeni, mwini wake wa ulusi wofiira. Anatsegula sutukesi, n'kutuma uthenga kwa Aroni.

Thupi linazizirako, koma pamene anabayapo panayamba kuuma. Kenaka panatupa, n'kumatentha ngati mbaula. Aroni atabwera kudzaona anati ndi mankhwala akugwira ntchito, angomuthowa ndi madzi ofunda. A Faines anathowa. Kutupa kunatsikira kuntchafu, ndipo mwana analeka kuponda pansi. M'mawa wina a Yoswa anamuyang'ana Tadala ali gone, milomo itauma, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaseke. Anathamangira kuchulu ndi foni. Dzuwa lisanafike pamutu, a Faines anali pa njinga yamoto ya kabaza, mwana ali pakati, botolo lija atalimanga pa nsonga ya chitenje.

Kuchipatala anamulowetsa mwana msangamsanga kukang'amba chotupacho. Anati mafinya anali atazama, ndipo akanachedwa pang'ono mwendo ukanavuta. Namwino wina wachikulire anawatengera a Faines pambali.

"Amayi, singano imene anabayira mwanayu inali yatsopano?"

A Faines anamasula chitenje n'kutulutsa botolo ndi manja awiri. "Ndi yathuyathu. Sinabayepo munthu wakunja."

"Yabaya ndani?"

"Ineyo, ang'ono anga, achimwene anga a Yeremiya, ndi ana athu. A magazi amodzi okhaokha."

Namwino uja anayang'ana kaulusi kofiira kaja. Sanakalipe. Anangoti, "Mwaisamala ndithu. Koma amayi, kachilombo sikafunsa chiwongo. Ndipo madzi otentha satsuka m'kati mwa singano. Singano imabaya kamodzi, basi, n'kutayidwa. Onse amene mwawatchulawo abwere tidzawayeze magazi."

A Faines anayang'ana botolo lija. Zaka zonsezo ankayesa kuti akusunga mankhwala, osadziwa chimene ankasunga pansi pa bulauzi yoyera.

Howard anafika madzulo ake. Anapeza apongozi ake atakhala pansi pakhonde la wodi, Abigail ali chiimire pambali. Ngakhale mtima unali utamuwira, mwambo sanauiwale. Anatembenukira kukhoma, n'kumalankhula ndi mkazi wake.

"Uwauze amayi kuti ine sindikuwanyoza. Uwauze kuti nkhani ya a Aroni ikupita kupolisi, ndipo ndikafunanso chipukuta misozi kukhoti. Uwauzenso kuti malinga ngati m'nyumba za m'mudzi muja muli majakisoni, mwana wanga sadzapitako. Kaya ndi tchuthi, kaya ndi ukwati, kaya ndi maliro."

Abigail sanabwereze mawuwo, poti amayi ake anali atamva okha. A Faines anali ndi zambiri zoti anene, koma mkamwini sakangana naye, ndipo sapepesedwa maso ndi maso. Anangowerama n'kuomba m'manja pang'onopang'ono.

Mbumba yonse inapita kukayezetsa. Ambiri anapezeka ali bwino, koma a Yeremiya anawapeza ndi kachilombo ka matenda a chiwindi, ndipo anayamba kumapita kuchipatala kawirikawiri. Za Tadala anati adzamuyezanso pakapita miyezi. Anatuluka m'chipatala akutsimphina, n'kupita kwa makolo ake ku Madisi.

Howard anachita zimene ananena. Wapolisi anabwera m'mudzi pamodzi ndi Kalisto, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Koma tsiku limenelo mudzi wonse unaiwala. Jakisoni? Kuno? Ife timangomva pa wailesi. Ngakhale amuna amene ankakhalira thako limodzi chifukwa cha zipsera anati sanabayidwepo chibadwire. Chikwama chakuda chinasowa. Aroni anati iye anangothandiza msuweni wake kugwira mwana, singano inali ya eni ake. Popanda mboni, mlandu unaima.

Kumjigo amayi anayamba kuleka nkhani a Faines akafika. Ena ankawauza mosabisa. "Chibale ndi fupa, aNangondo, sichiola. Mlandu wa pachibale sapita nawo kuboma. Muuzeni mkamwini wanu wa tayi uja aziziritse mtima." Mabotolo anachoka m'masutukesi n'kukabisidwa m'madenga ndi m'nkhokwe.

Sukulu inatsekeranso, ndipo pakhomo pa a Faines panali zii. Iwo anakazinga mtedza n'kupita okha ku Madisi, nthawi imene ankadziwa kuti Howard ali kuntchito. Tadala anawathamangira akukoka mwendo.

"Agogo, ndibwera liti kwanu?"

"Ukachira."

"Ndachira kale. Taonani." Anadumpha ndi mwendo wabwinowo.

Abigail anawaperekeza mpaka pa siteji. "Amayi, ndayesa. Akuti mawu ake ndi omwe aja. Akuti lero akamusiya kumeneko, mawa akatentha thupi inu muli kumunda, wina adzatulutsa botolo lake pomuchitira chifundo."

A Faines anaganizira mawuwo njira yonse. Anaona kuti mkamwini sankanama. Iwo botolo analibenso, koma linalipo kwa a Peggy oyandikana nawo, linalipo kuseri kwa tchalitchi, linalipo paliponse pamene Tadala ankasewera. Kulankhula pagulu sankatha. Kuchonderera Howard sikunali kotheka. Chimene ankachidziwa ndi makomo a m'mudzimo, lililonse ndi mwini wake.

M'mawa mwake anavala duku, anamanga chitenje chakale m'chiuno monga amachitira pakagwa zovuta, n'kutenga ndowa ya chivundikiro imene amasonkhetsera ufa. A Yoswa atawaona anaponya khasu pansi.

"Kwagwanji? Bwanji ine sindinamve?"

"Sikunagwe kanthu."

"Nanga ndowayo? Mukufuna muphe anthu ndi mantha?"

A Faines anangosenza ndowa n'kutuluka. Anayambira kwa a Peggy. Anagwada pakhomo pamene amagwada nthawi zonse, n'kuodira ndi mawu apansi. A Peggy anatuluka manja ali kumutu.

"Mayo ine! Ndani watisiya? A Yeremiya?"

"A Yeremiya ali kudimba. Palibe wamwalira."

"Nanga mukusonkhetsa ufa wa chiyani?"

"Sindinabwerere ufa. Ndabwerera botolo."

A Peggy anatsitsa manja. "Botolo lanji?"

"La ulusi wobiriwira. Munagula tsiku limodzi ndi ine."

"Inu aNangondo, mwayamba ntchito yaupolisi?"

"Ine ndi ndowayi timafika pakhomo pano munthu atapita kale. Lero ndati ndifike asanapite."

A Peggy anakhala pa chiundo cha khonde. Kenaka anayamba kusisita ntchafu yawo. Anati chibayireni chaka chatha, mwendowo umachita dzanzi mpaka kuchala, koma sanauze munthu poopa kuoneka ngati akunyoza adokotala. Analowa m'nyumba, anakwera pa mtondo, n'kutulutsa botolo m'denga.

"Musakanene kuti ndayamba ndine."

"Munayamba mwamvapo ine ndikunena za ufa wa munthu?"

Sikuti makomo onse anatseguka choncho. Ena ankawaona akubwera n'kutseka chitseko. Ena ankatukwana kuti akuitana imfa poyenda ndi ndowa ya maliro popanda maliro. A Faines ankangogwada, kudikira, n'kubweranso mawa lake. Mayi wina wa ana ang'onoang'ono anawafunsa funso lovuta.

"Chabwino, ndikupatsani. Nanga mwanayu akatentha thupi mvula ikugwa, mudzabwera ndinu kudzamubereka mpaka kuchipatala? Inu muli ndi mwana wa pantchito. Ife tili ndi a Aroni."

A Faines anabwerera osalandira kanthu. Tsiku lotsatira anakwera chitunda kukamupeza Kalisto, mlangizi uja. Anaika ndowa patsogolo pake n'kuvundukula. Kalisto anayang'anamo, anaimba mluzu, n'kuvundikiranso msanga. Anawachenjeza kuti asatsegule botolo lililonse. A Faines anamufotokozera funso la mayi uja monga momwe analimvera, osawonjezera. Kalisto anakalankhula ndi akuluakulu ake, ndipo patapita masabata angapo anayamba kumabwera m'mudzimo sabata iliyonse, n'kumakhala pakhonde la tchalitchi ndi zoyezera malungo ndi mankhwala a ana. A Yoswa nawo analengeza okha pa bawo kuti njinga yawo ndi ya aliyense wodwala, bola asawadandaule akamayendetsa akulankhula. Mayi uja anabweretsa botolo lake yekha.

Ndowa inayamba kulemera. Khomo limene linatsala linali la Aroni.

Anamupeza akusema mpini pansi pa mtengo. Chiyambire nkhaniyi anali asanalankhulane, anthu amene kale sankadutsana osatukwanizana mwachisuweni.

"Wabwera mkazi wanga wothawa," Aroni anatero osadzutsa mutu. "Ndamva ukuyenda ndi maliro anga m'ndowa."

"Mwamuna wake uti, wosema mpini wokhota chonchi?"

"Ndiwe wolimba mtima, Faines. Amayi ako atagwa ndi chibayo chaka chija mlatho unakokoloka, anawabaya ndani? Mkamwini wako wa tayi?"

"Unawabaya ndiwe. Sindinaiwale."

"Ndiye lero ndasanduka mfiti?"

A Faines anaika ndowa pansi n'kuchotsa chivundikiro. Aroni anasuzumiramo. Munali mabotolo a mafuta odzola, a mankhwala a chifuwa, timabotolo ta mchere, ndipo m'kati mwa lililonse munkaoneka kaulusi, kobiriwira, kachikasu, kakuda, koyera. Mfundo zonsezo anamanga ndi manja ake. Ankadziwa kuti ili ndi la kwa auje, ilo ndi la kwa auje.

"Onsewa akupatsa okha?"

"Okha. A Peggy mwendo unachita dzanzi. A Yeremiya ukudziwa. Tadala akukoka mwendo ngati nkhalamba."

Aroni anaika kasemasema pansi. "Ine ndinkati ndikuwateteza. Ndinakhala pansi n'kuganiza, Faines. Ndinkati nzeru ndapeza."

"Nanenso ndinkati ndikusamala. Ndinkachita kupukuta ndi kansalu."

"Ndiye ukufuna ukandipereke."

"Ine ndikufuna mwana azibwera kwathu. Bambo ake sadzakhulupirira ndowa yokha chikwama chako chili kubisala. Mawa ndikupita nayo kwa Kalisto. Sindikunyamula iwe, ndiwe wolemera."

"Choka apa, mfiti ya mkazi," Aroni anatero, koma mawu ake analibe mphamvu.

Kutacha, a Faines anasenza ndowa. Atafika pa mphambano ya kuchitunda anapeza munthu atakhala pamwala, atavala jekete la kutchalitchi, chikwama chakuda chili pamiyendo.

"Ukuyenda ngati kamba," Aroni anatero akuimirira. "Ndakhala pano mpaka matako kuwawa."

"Ukanadzibaya jakisoni."

Anakwera chitundacho mmodzi patsogolo wina pambuyo. Kalisto analandira ndowa ndi chikwama, anaitana wapolisi uja kuti aone, ndipo pambuyo pake zonse zinakatenthedwa mu ng'anjo ya kuchipatala. Ndowa yokha ndiyo a Faines anaumirira kuti ibwerere, ndipo anaitsuka ndi mankhwala amene anawapatsa komweko.

Kukhoti Aroni sanavutitse. Anavomera kuti ankabaya anthu popanda chilolezo, ndiponso kuti anamubaya Tadala ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito. A Faines anaitanidwa ngati mboni. Mawu awo anali otsika kwambiri moti woweruza anawapempha kangapo kuti akweze, koma ananena zonse, ndi za sutukesi zomwe. Poona ukalamba wake ndi kuti anadzipereka yekha, khoti silinamutsekere Aroni. Linamuletsa kugwiranso jakisoni, linamulamula kukagwira ntchito yotchetcha pachipatala kwa miyezi ingapo, ndiponso kubweza zimene banja la Howard linawononga pa matenda a mwana. Anagulitsa ng'ombe yake ya pangolo. Alipo m'mudzimo amene mpaka lero amati a Faines anadyetsa msuweni wawo kwa alendo, ndipo pa maliro amapereka ufa wawo kudzera mwa wina. 

Howard anali m'khotimo tsiku limenelo. Atatuluka anangokwera njinga yake yamoto n'kumapita. A Faines anabwerera kumudzi osadziwa ngati zonsezo zinali zokwanira.

Patapita nthawi Abigail anatumiza uthenga kuti Tadala amuyezanso ndipo magazi ake ali bwino. Anamwino anati katemera amene analandira kusikelo ali khanda ndiye anamutchinjiriza ku matenda a chiwindi aja. A Faines analowa m'nyumba, anatseka chitseko, ndipo a Yoswa amene anali panja anavula chipewa n'kukhala chete mpaka mkazi wawo atatuluka. Koma za kubwera kwa mwana uthengawo sunanene.

Mvula yoyamba inagwa, anthu n'kuyamba kuokera fodya. Tsiku lina chakumasana a Faines ali kumunda, matope mpaka m'zigongono, anamva njinga yamoto ikulira movutika pa chitunda. Anayesa ndi ogula nkhumba. Kulirako kunasiya pakhomo pawo, ndipo anamva a Yoswa akufuula.

"Mayi a Abigail! Siyani fodyayo! Kwabwera alendo ochokera ku boma, wina wamfupi kwambiri!"

Anayenda, kenaka anapezeka akuthamanga. Pabwalo panali Howard, thalauza lonse lili matope, akumasula kachikwama kumbuyo kwa njinga. Tadala anali atavula kale nsapato. Atawaona agogo ake anathamanga, mwendo uja ukutsalira pang'ono chabe, n'kudzawakumbatira m'chiuno. A Faines anakweza manja m'mwamba kuti asamudetse diresi, koma mwanayo anawagwira mkono n'kuukokera pansi.

"Agogo, ndakhoza mayeso. Ndipo dzino ili likugwedera. Ndipo adadi anagwa pamtsinje paja."

"Sitinagwe," anatero Howard akuyang'ana njinga yake. "Tinangotsika mofulumira."

A Yoswa anaseka mpaka kutsokomola, n'kumutengera mkamwini mpando pansi pa mtengo. A Faines anakhala pakhonde chapatali, mwana ali pamiyendo. Howard anafotokozera apongozi ake aamuna kuti adzamutenga Tadala chaka chatsopano chikangolowa.

"Ayi, mpaka sukulu itatsegulira," anatero Tadala.

"Chaka chatsopano."

"Mpaka dzinoli litachoka."

Howard anapukusa mutu, akubisa kumwetulira. "Chabwino, mpaka litachoka."

Tadala anatembenukira kwa agogo ake n'kuwanong'oneza, mokweza moti onse anamva, kuti asamupatse chimanga chokazinga, chifukwa dzinolo akufuna likhalitse.